Mdzukulu Amene Sadagwire Khasu

Pa Chicheŵa mau akuti "mdzukulu" ali ndi matanthauzo aŵiri. Mdzukulu ndi mwana wa mwana wako. Mdzukulu ndiyenso munthu wokumba manda ndi kunyamula maliro. Pa maliro a agogo anga aamuna, kumudzi kwathu kufupi ndi Kabudula, ndidaona kuti adzukulu a khasu adaŵatumikira bwino kuposa ine mdzukulu wa magazi.

Agogowo adali mkulu wa kudambwe. Pamene ndidakatsazika kuti ndikupita ku seminale ya Kachebere, adangoti: "Pita, watisiya." Ine, ndi nzeru zachinyamata, ndidaŵauza kuti aleke za mumdima. Kuyambira tsiku limenelo tinkangopatsana moni wa pamseu. Mau opepesa ndinkangoŵasungira maŵa, mpaka uthenga wa zovuta udandipeza.

Mkangano umenewu sitidauyambe ndife. Chikhazikire ansembe a White Fathers ku Mua m'chaka cha 1902, sukulu ya mishoni ndi dambwe zidalimbirana ana a m'midzi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 udaniwo udakula kwambiri. Mpaka lero ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Nambuma alipo mabanja amene pa maliro amagaŵikana: ena kumene kuli kwaya, ena kumene kuli ng'oma.

Tsono tsiku la maliro ndidakhala chapatali, pansi pa mtengo wa mango, korona ili m'manja. Ng'oma zidalira, zilombo zidatuluka kudzaperekeza mkulu wao. Funso lidandisautsa mumtima: kodi wansembe angalire munthu woikidwa ndi gule? Kodi angampempherere?

Eklezia sadatisiye opanda yankho. Pa Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1964, Aepiskopi adaphunzitsa kuti munthu amene sadadziŵe Uthenga Wabwino popanda kulakwa kwake, koma adafunafuna Mulungu moona ndi kutsata chikumbumtima chake, angathe kupulumuka. M'chaka cha 1965 adaonjeza kuti Eklezia sataya kanthu kalikonse koona ndi koyera kopezeka m'zipembedzo zina.

Wina adzati: "Komatu agogo anu Uthengawo adaumva." Inde, koma adaumva kwa yani? Kwa mnyamata wodzitukumula amene adaŵatcha a mumdima. Kaya adakana Khristu, kaya adakana kunyada kwanga, akudziŵa ndi Mulungu yekha, woona za mumtima. Mlandu umene ndikuudziŵa bwino ndi wanga.

Kulemekeza wakufa si kusakaniza miyambo ai. Ine sindidavale zovala za Misa kumanda, sindidathire nsembe ya ufa kwa mizimu. Abale adachita zao: adameta, ndipo nthaŵi itakwana adafulula moŵa wa chikumbutso. Ine ndidachita zanga: ndidapereka thumba la chimanga pasiwa, ndidagona panja pamodzi ndi amalume, ndipo pa 2 Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya akufa onse, ndidatchula dzina la agogo paguwa.

Tikusiyana pa chinthu chachikulu: iwo amagoneka mzimu kuti usavutitse amoyo, pamene ife timaupereka ku chifundo cha Ambuye Yezu amene adafera anthu onse. Koma tikugwirizana kuti wakufa sadatheretu, ndipo kumuiŵala n'kulakwa. Lamulo lachinai la Mulungu, lotilamula kulemekeza makolo, silidapatule makolo osabatizidwa.

Aŵerengi okondedwa, akale adati chibale ndi fupa, sichiola. Ngati kwanu kuli agogo amene mudaleka kudya nao chifukwa cha gule, cha mzikiti kapena cha mpingo wina, musadikire ng'oma ya maliro. Nsembe ya Misa imafika ndithu kumene kuli akufa, ndipo m'menemo ndimo muli chitonthozo changa. Koma mau akuti "pepani agogo" amafuna khutu la munthu wamoyo, ndipo ine ndidachedwa nao.