Kodi Msilikali wa ku Camp Bastion Anafa Chabe?

Usiku wa pa 14 September 2012, amuna 15 a gulu la Taliban anadula waya wa mpanda wa Camp Bastion, msasa waukulu wa nkhondo umene Angelezi anamanga m'chipululu cha Helmand ku Afghanistan. Anali atavala zovala za asilikali a Amereka kuti asadziwike msanga. Atalowa anathamangira kumene kunali ndege za nkhondo zotchedwa Harrier, natentha zisanu ndi imodzi, naononganso zina ziwiri.

Mkulu woyang'anira ndegezo anali Lt. Col. Christopher Raible, wa zaka 40, wa gulu la Marines. Anyamata ake ambiri anali amisiri okonza ndege, osati omenya nkhondo ya pansi. Iye atamva kulira kwa mfuti sanabisale, koma anasonkhanitsa amisiriwo, napita kukakumana ndi adani, m'manja mwake muli kamfuti kakang'ono kokha. Bomba linamupha usiku womwewo, ndipo Sgt. Bradley Atwell, wa zaka 27, anafanso. Mwa adaniwo 14 anaphedwa, mmodzi anagwidwa wamoyo.

M'chaka cha 2014 msasawo unaperekedwa kwa asilikali a Afghanistan, ndipo mu August 2021 a Taliban analowa mu Kabul nalanda dziko lonse. Nkhondo ya zaka makumi awiri inathera pamene inayambira. Apa ndi pamene pali funso lolasa mtima wa mkazi wamasiye ndi ana ake: kodi munthu uyu sanafe chabe?

Ena amayankha kuti inde. Amati imfa ya msilikali ili ngati mbewu: ikapanda kubala chigonjetso, yatayika. Koma kuganiza kotere kumasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, ndizo cholinga cha nkhondo ndi ntchito ya munthu. Nkhondo amaiyamba ndi mafumu ndi nduna zawo, ndipo ndiwo adzayankha ngati inali yolungama kapena ayi. Raible sanafunsidwe za Kabul usiku uja. Funso limene linali pamaso pake linali laling'ono ndi lapafupi: anyamata amene anaikidwa m'manja mwake ali pangozi, kodi atsogole kapena atsale m'mbuyo? Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye sanalewe. Mbusa amene wafa poteteza ng'ombe kwa mkango sasanduka chitsiru chifukwa chakuti patapita zaka khola lija linagwa. Ubwino wa ntchito umayesedwa pa tsiku limene yachitika, monga mwa zimene munthuyo ankadziwa ndi zimene anasankha.

Komabe pali msampha wina, umene ukola anthu okonda kutamanda. Nkosavuta kuimba za kulimba mtima kwa akufa mokweza, kuti phokosolo libise kunyalanyaza kwa amoyo. Kodi adani 15 analowa bwanji m'msasa wa anthu zikwizikwi? Ofufuza anapeza kuti nsanja zambiri za alonda zinalibe anthu, ngakhale imene inali pafupi ndi polowera adaniwo, ndiponso kuti olondera kunja kwa mpanda anali atachepetsedwa. Mu September 2013 mtsogoleri wa Marines onse, General James Amos, anauza akazembe awiri, Charles Gurganus ndi Gregg Sturdevant, kuti atule pansi maudindo awo, pakuti sanateteze msasa monga kunayenera. Mwambi uja wa mutu waukulu unawapeza iwonso. Kuulula zimenezi sikuchepetsa ulemu wa Raible. Wobisa chifukwa chimene munthu wafera ndiye amanyoza manda, popeza akukonzera ena manda ofanana.

Ndiponso kukumbukira msilikali sikutanthauza kukonda nkhondo. Wolira maliro moona amaona mtengo wake wa nkhondo kuposa wina aliyense. Amakumbukira kuti Atwell, amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri, anali ndi moyo umodzi wokha monga mkulu wake. Sangaiwale kuti amuna 14 aja, ngakhale anadza kudzapha, nawonso anabadwa kwa amayi, ndi kuti anthu wamba a ku Helmand anaika m'manda abale awo ochuluka, popanda lipenga kapena mbendera.

Tsono ngongole ya amoyo kwa wakufa wotere ili patatu: kutchula dzina lake ndi ulemu, kunena zoona za imfa yake, ndi kusamala ana amene anawasiya. Imfa yake idzakhala yachabe pokhapokha otsala ataleka zimenezi. Aliyense amene wapatsidwa anthu oti awayang'anire, kaya ndi mfumu, mphunzitsi kapena kholo, adzifunse ngati nsanja yake ili ndi mlonda usiku uno, ndiponso ngati mpanda utathyoka adzapezeka patsogolo pa anthu ake.