Kodi Kufunsa Wamkuru Ndi Cipongwe?

Makolo athu anatiphunzitsa kuti mwana sacita makani ndi wamkuru, ndipo mu mpingo timamva kawiri kawiri kuti tiyenera kumvera aulamuliro. Mau amenewa sitiwakana ai. Koma liripo funso limene libvuta mitima ya Akristu ambiri kuno kwa Chiwalo, ndilo ili: munthu wa Boma akasunga cuma ca anthu, kodi ife a kumudzi ticimwa pakumfunsa umo wacigwiritsira nchito?

Tiyambe ndi za kwathu. Msungi wa cuma ca mpingo aimirira pamaso pa onse nawerenga ndalama zolowa ndi zoturuka. Palibe ayesa kuti tamcotsera ulemu. Makamaka wokhulupirika akondwera nayo nthawi imeneyo, pakuti imtsuka ku miseche ya anthu. Samueli yemwe, atakalamba, anaitana Aisrayeli kuti amcitire umboni ngati analanda ng'ombe kapena buru wa munthu. Sanalindire kuti amfunse.

Tsono Malamulo Akuru a dziko lathu, a caka ca 1994, anena comweco: mphamvu za Boma zicokera kwa anthu, ndipo wakuzigwira ali mdindo wosungira eni ace. Mwini nkhokwe akasuzumira m'nkhokwe yace, ndani adzamucha wacipongwe?

Taonani nkhani ya mathirakitala. Boma linakongola madola 50 miliyoni ku banki ya ku India, niligula ndi zina za ndalamazo mathirakitala 177 ndi makina 144 otonola cimanga, kuti alimi ang'ono apumuleko ku khasu. Koma ambiri a mathirakitalawo anagulitsidwa motsika mtengo kwa andale, akuru a m'Boma ndi eni malonda. Mmodzi wa iwo amene anakadandaula kwa Ombudsman anali mlimi wamba, wonga ife. Mai Martha Chizuma, amene anali pa udindowo, anafufuza, ndipo mu 2016 analamula kuti akuru a maunduna apepese kwa Amalawi. Iwo anathamangira ku mabwalo. Koma mu 2019 Bwalo Lalikuru la Apilo linati Ombudsman sanalakwe. Kunena zoona, cipepeso sicinagaule munda wa munthu ali yense, ndipo ngongole ya Boma ibwezedwa ndi msonkho wa ife tonse, ngakhale nkhalamba ya m'mbali mwa Chilwa imene sinaonepo thirakitala. Koma mlimi uja akadakhala cete cifukwa ca ulemu, mwina nkhaniyo ikadakwiririka, ndipo ulemu wace ukadathandiza akuba okha.

Pamenepa mpamene tiona kuti kukhala cete kungathe kukhala cimo. Namondwe Freddy atawononga Phalombe mu March 2023, moyo wa mabanja ambiri unatsamira pa pepala la maina a olandira ufa. Wamasiye akasowa pa pepala lotere, ife oona nitiopa kufunsa, tamgulitsa ndi mantha athu.

Sitinena kuti ticite mwano, kapena kuyesa wakuba munthu ali yense wa ku ofesi; ambiri agwira nchito yao mokhulupirika ndi malipiro ocepa. Kuyambira mu September 2020 liripo lamulo lopatsa munthu ali yense ufulu wa kupempha kuona zolembedwa za Boma. Cifukwa cace pa msonkhano wa komiti ya citukuko, pamaso pa mfumu ndi khansala, tiombe m'manja monga mwa mwambo wathu, ndipo tikatero tipemphe kuti maina ndi ndalama ziwerengedwe mokweza, monga ticitira m'kacisi.