Za Mudzi Wathu wa Mangochi

Mudzi wathu uno ndiukonda, koma undimvetsa cisoni. Mlendo akafika timtsogolera ku nsanja ya Mfumukazi Victoria, yomangidwa m'caka ca 1903, ndi kumuuza kuti pa Fort Johnston pano ndipo panali khomo la nyanja yonse. Nzoonadi. Koma njanji inafika ku Chipoka m'1935, katundu nalambalala dooko lathu, ndipo ife tikali kuloza nsanja.

Mnyamata akaimirira pabwalo nati, Tikumbe ngalande madzi asatilowerenso m'nyumba, kapena, Tileke kukoka kasawala ndi ukonde wa udzudzu, akuru amyankha, Wabadwa liti iwe? Inenso, ndibvomere, ndakhala cete kawiri kawiri.

Nehemiya anakonda Yerusalemu, nalirira malinga ace ogumuka. Atapukuta misozi anakapempha mitengo kwa mfumu.