PHUNZIRO 9: MAFUTA M'NSUPA

Mau owerenga: Mateyu 25:1-13
Vesi loloweza: Miyambo 22:3
Cholinga: Ana adziwe kuti kukonzekeratu si kuchepa kwa chikhulupiriro, koma ndi kumvera Mulungu amene amachenjeza anthu ake nthawi isanathe.

MAU KWA INU APHUNZITSI

Phunziro ili liphunzitsidwe mu November, mvula isanakhazikike. Ana anu akuwadziwa madzi. Mu January 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake, ndipo anthu a ku Makhanga anapulumutsidwa pa maboti ndi pa helikopita. Madzi anabweranso mu March 2019. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira, ndipo mu March 2023 kunadza namondwe Freddy. Ena mwa ana anu anagonapo m'makalasi ndi m'matchalitchi ku Bangula kapena ku Nchalo, ndipo ena anataya abale ao.

Chotero samalani lilime lanu. Musanene, ngakhale mophiphiritsa, kuti amene anapita ndi madzi anali opusa kapena ochimwa koposa ena. Werengani Luka 13:1-5 musanapite kukaphunzitsa. Mwana akayamba kulira, imani kaye, mumkhazike pafupi nanu.

Mubwere ndi thumba la saka, tochi ziwiri (ina yopanda mabatire), chigubu, jumbo, machesi, wezulo ndi chingwe.

CHIYAMBI

Itanani ana awiri, aliyense mumpatse tochi. Onse aone kuti tochizo nzofanana. Tsono nenani, "Kwada, yatsani." Ina iyaka, ina ikana. Funsani kuti kusiyana kwake kunaoneka liti. Kunaoneka pa nthawi yoyatsa, pamene ku golosale atseka kale.

NKHANI

Fotokozani fanizo ndi mau anu. Anamwali khumi anadikira mkwati. Onse anali ndi nyali, onse anaodzera, onse anagona. Kugonako sikunali kulakwa, pakuti munthu amatopa. Kusiyana kunali kumodzi: asanu anatengeratu mafuta apadera m'nsupa. Mfuu inamveka pakati pa usiku, ndipo asanu enawo anapita kukagula pa nthawi imene anayenera kukhala pa ulendo.

TANTHAUZO

Choyamba ndi chachikulu: Yesu akunena za kubweranso kwake. Mtima ukonzekere lero, pakuti chikhulupiriro sichibwerekedwa kwa amai kapena kwa abusa pa tsiku lomaliza. Musalumphe mfundo iyi.

Chachiwiri: amene akuphunzira kudikira Ambuye aphunzirenso kusamala moyo umene Ambuyeyo anampatsa. Alipo akulu ena amene amati, "Ife sitisamuka, Mulungu atiteteza." Koma Nowa anakhoma chombo kunja kuli ngwee (Ahebri 11:7), ndipo Yosefe anadzaza nkhokwe m'zaka za dzinthu (Genesis 41). Chenjezo nalonso ndi chitetezo cha Mulungu.

Madzi a kuno kuchigwa amachita ngati mfuu ija. Mvula ikagwa ku mapiri a Mulanje ndi Thyolo, imatsika ndi Ruo ndi mitsinje ina kudzathira mu Shire, ndipo madzi angathe kulowa m'nyumba usiku ngakhale kwathu kuno kusanadonthe. Nchifukwa chake timamvera za nyengo pa wailesi, ndiponso a komiti yoona za ngozi m'mudzi akaliza wezulo kapena ng'oma.

THUMBA LA BANJA

Ana adzati, "Kwathu kulibe ndalama." Aonetseni kuti zambiri zili kale m'nyumba, zangomwazikana. Tulutsani chimodzichimodzi m'thumba, mukufotokoza:

1. Mapepala: ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, makadi a mpingo ndi masatifiketi a sukulu. Akulungidwe m'majumbo awiri, omanga zolimba.
2. Mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV ndi a BP.
3. Tochi ndi mabatire apadera. Machesi akhale m'kabotolo kouma kotseka bwino. Foni igone ndi moto.
4. Chigubu chotsuka cha malita 5, ndi klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo kapena WaterGuard. Mukathira monga alangizira, dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati palibe, madzi awiritsidwe. Madzi osefukira amasakaniza zitsime ndi zimbudzi, ndipo kolera ya 2022 inadza pambuyo pa anamondwe.
5. Mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.
6. Ufa pang'ono wa chimanga kapena wa mapira, mchere, nsawawa zokazinga, ndi kampoto.
7. Neti ya udzudzu, chitenje, pepala lapulasitiki lofolera ndi chingwe.
8. Mbeu pang'ono m'botolo, zodzabzala kudimba madzi akaphwa.

Zogula ndi zochepa, ndipo banja lingagule chimodzi pa tsiku la msika, china pa msika wotsatira. Thumbali lipachikidwe pafupi ndi khomo, ndipo lisalemere koposa chimene amai angasenze ali ndi mwana kumbuyo.

Pali mafuta ena osagula konse. Banja ligwirizane malo a kumtunda kokakumana, ndipo liyende njirayo masana kuti ana aidziwe. Lidziwikenso dzina la amene adzagwira dzanja agogo ndi mwana wolumala. Phunzitsani ana malamulo awiri: osabwerera kukatenga mbuzi kapena katundu, ndipo osaoloka madzi othamanga, pakuti ngakhale osafika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo amabisa maenje, njoka ndi ng'ona.

FUNSO LIMENE ANA ADZAFUNSA

"Nanga bwanji ochenjerawo anakana kugawa mafuta?" Yankhani kuti fanizo likunena za chinthu chosagawika, ndicho kukonzeka kwa mtima. Koma ufa, madzi ndi kuwala kwa tochi zimagawika, ndipo Mkhristu agawe (1 Yohane 3:17). Amene wakonzeka ndiye angathe kuthandiza mnzake.

MAFUNSO

1. Kodi anamwali onse anafanana m'zinthu ziti?
2. Tchulani zinthu zisanu za m'thumba la banja.
3. Madzi atabwera usiku uno, banja lanu likakumana kuti?

NTCHITO YA SABATA INO

Mwana aliyense akapemphe makolo ake mwaulemu kuti aike mapepala a banja m'jumbo, ndipo Lamulungu likudzali adzanene malo ao okumanira. Inu aphunzitsi, yambani ndi nyumba yanu. Mufunsenso akulu a mpingo ngati pali amasiye ndi okalamba amene alibe wowakonzera thumba.

PEMPHERO

Atate wathu, Inu mwini mvula ndi mitsinje, tipatseni makutu akumva chenjezo ndi manja akukonzeratu. Tonthozani onse amene madzi anawalanda abale. Mitima yathu ikhale yodikira Mwana wanu Yesu Khristu, amene tipempha m'dzina lake. Amen.