Khomo la Hotela ya Jameson ndi Ufulu wa Mlendo

Hotela ya Jameson ili pakati pa mzinda wa Harare. Inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mzindawo ukutchedwabe Salisbury, ndipo imakumbukiridwa ngati hotela yoyamba mumzindawo kulandira alendo a khungu lililonse. Dzinalo ndi la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes, yemwe anatchulidwanso pa boma la Fort Jameson, lero Chipata.

Kuyambira mu 1930 lamulo la Land Apportionment Act linagawa nthaka ya Southern Rhodesia motsata khungu, ndipo pakati pa Salisbury panagwera azungu. Munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito, chitupa chili m'thumba. Dzuwa likapendeka ankabwerera ku Harari, komboni imene Amalawi anaitcha Halale, kapena kukachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana. Ambiri mwa anthu amenewa anali amuna a ku Nyasaland, a ku Kasungu ali momwemo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, Salisbury inakhala likulu lake. Aphungu akuda a ku Nyasaland, Wellington Chirwa ndi Clement Kumbikano, ankakhala m'nyumba ya malamulo imodzi ndi azungu, koma mahotela a mumzindawo anali otsekeka kwa anthu a khungu lawo. Boma lolalikira kuti mitundu iyendere limodzi linalibe pogoneka alendo ake akuda. Jameson inatsegula khomo pa nthawi ya manyazi amenewa.

Funso limene mbiriyi imadzutsa n'lakuti: kodi kulandira mlendo molipiritsa kungatchedwe ntchito yabwino?

M'midzi ya Achewa mwambo wa mlendo ndi wodziwika. Akangoti "Odi!" ana amathamangira kukamulandira katundu, mphasa imayalidwa pakhonde, madzi akumwa amabwera, malonje n'kutsatira. Nkhuku imaphedwa popanda wowerengera mtengo wake, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Poyerekeza ndi zimenezi hotela imaoneka yoperewera. Imafunsa dzina, imalemba m'kaundula, m'mawa imapereka bilu. Ena amati mwini hotela amene analandira akuda anangoona msika umene anzake ankausiya, choncho palibe chomutamandira.

Ganizo limenelo likusokoneza chifundo ndi chilungamo. M'fanizo la Msamariya, pa mutu 10 wa Uthenga Wabwino wa Luka, muli munthu amene alaliki samutchula kawirikawiri: mwini nyumba ya alendo. Iye analandira ndalama ziwiri, ndipo fanizolo silimudzudzula. Analandira munthu wamabala, wovulidwa zovala, wosadziwika kwawo, amene anabwera naye munthu wa mtundu wonyozeka kwa Ayuda. Msamariya anachita chifundo. Mwini nyumba anachita ntchito yake mosasankha nkhope. Popanda wachiwiriyu, wovulalayo akanasowa pogona Msamariya atapitiriza ulendo.

Apa m'pamene hotela imaposa khonde la pamudzi. Wolandiridwa mwachifundo amakhala ndi mangawa a kuthokoza, ndipo amadziwa kuti mawa mwininyumba akhoza kusintha mtima. Wolowa m'hotela sapempha. Amalipira mofanana ndi wina aliyense, n'kulandira kiyi wa chipinda. Chimene tsankho linkamana munthu wakuda chinali ulemu umenewu, woti ndalama imene waikhetsera thukuta igule zomwe ndalama ya mzungu ikugula. Akhristu amakhulupirira kuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Hotela yobweza munthu pakhomo chifukwa cha khungu inkatsutsa chikhulupiriro chimenechi, ngakhale eniake ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Ku America nkhani inali yofanana. Mu 1936 Victor Hugo Green anayamba kusindikiza buku lotchedwa Green Book, londondoza malo amene wapaulendo wakuda akanagona osathamangitsidwa. Nthawi imeneyo Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, ankaphunzira udokotala ku Meharry, mumzinda wa Nashville, kumene malamulo a tsankho anali amphamvu. Lamulo loletsa mahotela kusankha khungu linadza mu 1964.

Komabe khomo la Jameson linali lopapatiza. Ankalowapo aphungu, atolankhani ndi alendo a boma. Mnyamata wotchola fodya pa famu ya mzungu, wolandira mashiling'i owerengeka pa mwezi, lamulo likanamulola koma thumba linkamukaniza. Ndipo pamene ku America akuda anali ochepa, ku Southern Rhodesia olandiridwawo ndiwo anali ochuluka, eni nthaka imene hotelayo inamangidwapo. Mshona wolowa mu Jameson ankalandiridwa ngati mlendo kwawo komwe, chinthu chimene mwini hotela sakanatha kuchikonza.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980. Msewu wa Jameson Avenue anausintha dzina kukhala Samora Machel, koma hotelayo inasunga dzina lake lakale.