Manyazi a bambo athu: ndi haya kapena ndi mantha?



Ku madrasa tinakula tikuphunzitsidwa kuti haya, manyazi oyenera aja, ndi khalidwe la Msilamu. Ine ndimavomereza mpaka lero. Koma khansa ya prostate imandifunsa funso lovuta: ngati manyazi omwewo akumuchedwetsa bambo kupita kuchipatala mpaka miyendo kufooka, tiziwatchabe haya?

Prostate ndi kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Kakakula, mkodzo umatuluka modonthadontha, munthu amadzuka kangapo usiku. Si nthawi zonse imakhala khansa ayi, amuna ambiri akamakalamba kamangokula. Koma sungadziwe wekha uli pakhonde. Pamafunika kuyeza magazi (amati PSA), dokotala kupima ndi chala kudzera kumbuyo, kenako kudula kanyama kuti akaunike. Apo pa chala ndi pamene madala ambiri amabwerera. "Ine? Kamnyamata kameneka?" Chonsecho matendawa amakonda amuna opitirira zaka 50, ife akuda kwambiri kuposa azungu, komanso amayenda m'banja. Akachedwa amalowa m'mafupa, kumsana ndi m'chiuno, munthu n'kumangoti ndi nyamakazi.

Pa mbali iyi fiqh sinatisiye mumdima. Awrah imaloledwa kuonetsedwa kwa dokotala pakakhala kufunika, pa mlingo wa kufunikako. Ndipo mayi Aisha (RA) anawayamikira amayi a Ansar chifukwa manyazi sankawaletsa kufunsa za dini, ngakhale zokhudza thupi. Ndiye ine ndimaona kuti haya imayang'ana kwa Allah, pomwe chimene chimawagwira bambo athu pakhomo la dokotala nthawi zambiri ndi "anthu aziti chiyani". Ziwirizi zimavala mkanjo umodzi, n'chifukwa chake timazisokoneza.

Koma povuta penipeni ndi pa chithandizo. Khansa iyi imadya testosterone, mahomoni achimuna. Dokotala wina ku America, Charles Huggins, anaonetsa mu 1941 kuti ukawadula mahomoniwa khansayo imabwerera m'mbuyo, ndipo anapatsidwa mphotho ya Nobel mu 1966. Mpaka pano, khansa ikafalikira, njira yaikulu ndi yomweyo: jakisoni wa mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, apo ayi opaleshoni yochotsa machende (pepani, palibe kazembedwe). Ululu umatsika, mkodzo umayamba kuyenda, ena amakhala zaka ndithu. Mtengo wake? Chilakolako chimatha, mphamvu za kuchipinda zimapita, thupi limatentha mwadzidzidzi ngati uli pamoto, mafupa amafooka. Ngakhale amene awapeza msanga n'kuchitidwa opaleshoni yochotsa prostate kapena radiotherapy, ambiri amatsala ndi vuto la kuchipinda, ena mkodzo wosagwirika.

Apa ndimamumvetsa bambo amene akuti "bola ndife ndili wathunthu". Sindimuseka. Amadziwanso kuti Mtumiki (SAW) analetsa maswahaba kudzifula. Koma iwo aja ankafuna kudzifula pothawa chilakolako, thupi lili bwinobwino. Uyu akuchotsa chimene chikudyetsa matenda, ngati mmene amadulira mwendo wa munthu wa shuga ukawola. Afunse sheikh wake, ndi bwino kutero, koma akafotokoze matendawo momveka, osati "ndili ndi kavuto pang'ono". Fatwa imatengera zimene wauza.

Funso limene sitilifunsa n'lakuti umuna wake unali kuti. Ngati unali kuchipinda kokha, jakisoni wautengadi. Ngati unali pa kuima kutsogolo kwa banja pa swala, kulangiza ana, kuweruza nkhani za pamudzi mwachilungamo, ndiye ukadalipo. Ife achinyamata tili ndi mbali yathu pa mantha amenewa, chifukwa nthabwala za "madala afooka" timaziseka ndife, pa WhatsApp pompa. Bambo wodwala amaziona.

Ndiye pali swala. Ena amasiya kupita ku Jumu'ah chifukwa ali ndi paipi ya mkodzo ndi kathumba m'kati mwa mkanjo, akuganiza kuti twahara yawo yatha basi. Chonsecho munthu wa mkodzo wosaleka ali ndi lamulo lake: amatawasa, amapanga wudhu nthawi ya swala ikakwana, n'kuswali, ngakhale mkodzo ukutulukabe. Akalephera kuima, amaswali atakhala. Izi tinaziloweza tili ndi zaka khumi. Nanga bwanji sitimawauza agogo athu? Mofini nayenso ena amamukana poti ndi zoledzeretsa, kapena poti kupirira ululu ndiye sabr. Mofini wopatsidwa ndi dokotala pa ululu wa khansa ndi mankhwala. Ku Tiyanjane, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Ndi Moyo ku Salima, ntchito yawo ndi yomweyo, kuchepetsa ululu ndi kuthandiza mabanja. Munthu amene wagona tulo amaswali Fajr ali ndi nzeru zake.

Chimodzi chokha musachichedwetse: wodwala khansayi akayamba dzanzi kapena kufooka miyendo mwadzidzidzi, kapena mkodzo utatsekeka, ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Dua tichitira m'njira.

Pamene ine ndimaima ndi pa amayi. Bambo ali ndi ufulu wosunga chinsinsi cha matenda ake kwa anthu a kumzikiti, ngakhale kwa ife ana. Kwa mkazi wake sindikuona choncho. Chithandizochi chimasintha ukwati wa anthu awiri, ndipo mayi amene sanauzidwe amayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani, kapena ngati kwabwera wina. Komanso ndi yemweyo adzagone pansi mu wodi ngati gadiyani, kukhuthula kathumba kaja usiku. Dokotala akamafotokoza za jakisoni uja, mpando wachiwiri m'chipindamo ndi wawo.