Kodi Yunivesite ndi Makoma Ake?

Moto utapsereza nyumba yaikulu ya Yunivesite ya Makerere ku Kampala mu Seputembala 2020, ena anati njerwa n'zachabe, pakuti maphunziro sanapse nawo. Zoonadi, sanapse. Komabe ine ndikuti nyumbayi, yomwe inamalizidwa mu 1941, inali mboni. Makoma ake oyera ndi mazenera a buluu ankauza wophunzira watsopano kuti pano panadutsa ena iye asanabadwe, mmodzi mwa iwo Julius Nyerere, ndipo kuti nzeru zomwe wadzera kudzatenga ndi za anthu ambiri. Wina anganene kuti popeza anaimanganso mofanana, palibe chomwe chinatayika. Koma makoma atsopanowa sanamuonepo Nyerere, ndipo padzapita mibadwo asanakhale ndi chouza ana.